Mwendo wa Kilatchi

Lolemba, 3 Malichi

Andigoneka m'chipatala. Ine ndimati angonditsuka bala ndibwerere ku ntchito, koma adokotala atangomasula bandeji anayang'ana nesi, nesiyo n'kupita kukafuna bedi. Shuga wa m'magazi 24. Chala chachikulu cha phazi lamanzere chada bii. Fungo lake ndikulimva ndekha, kaya anzanga oyandikana nawo akupirira bwanji.

Mayi a kunyumba andigulira kope ili kuti ndizilembamo zimene madokotala akunena, poti akuti ine ndikamafotokoza ndimachotsera. Zaka zonsezi ndikuyendetsa thiraki sindinagonepo m'chipatala. Chandigwetsa ndi kamwala kamene kanalowa m'jombo. Ndinayenda nako ulendo wonse osakamva, chifukwa phazili linasiya kumva kalekale.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kuno sadzutsa munthu ndi moni. Amakubaya chala kuyeza shuga, kenako jakisoni wa insulini pamimba, kenako mankhwala opha tizilombo kudzera pa kanula, kapaipi ka mumtsempha wa padzanja. Tiyi wopanda shuga. Kutsuka bala. Basi, tsiku latsala lonse n'loyang'ana denga. Shuga 19.

Pa bedi la kumanja kwanga pali mkulu wina wa imvi, mwendo wake aukoka ndi zingwe ndi zitsulo zolemera. Wodi yonse imawatcha a Kaputeni. Ndimayesa ndi msilikali. Ayi ndithu, anapuma ntchito ku positi, ndipo anathyoka ntchafu atagwa pa makwerero akukonza denga. Ukaputeniwo ndi wa pa laputopu imene mkamwini wawo anawabweretsera. Amaiika pa katebulo kodyera, n'kulumikiza ndodo yowongolera yodzaza mabatani, mahedifoni kumutu, n'kumayendetsa ndege ya nkhondo tsiku lonse.

"Achimwene, mumagwira ntchito yanji?" anandifunsa.

"Ndine dalaivala wa thiraki."

"Ndiye ndapeza munthu. Awa si masewera a ana ayi. Batani lililonse la mu ndege yeniyeni lili umu, ndipo mukaiwala limodzi ndege siliza."

"Inuyo munakwerapo ndege yeniyeni?"

"Ine? Makwerero omwe anandikana."

Ndinawauza kuti za ana sindipanga nawo. Ndatopa.

Lachitatu, 5 Malichi

Ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Achotsa chala chachikulu ndi chinzake choyandikana nacho. Anandibaya kumsana, ndiye ndimamva akulankhula za mpira akundidula.

Lachinayi, 6 Malichi

Ululu. Phazi limene silinamve kamwala lero likumva chilichonse. Mayi a kunyumba anabweretsa msuzi wa nkhuku ndi malalanje. Nesi wamkulu analanda malalanje ena, akuti limodzi patsiku basi. Ndinamwa msuzi pang'ono, wotsalawo anamaliza a Kaputeni.

Lachisanu, 7 Malichi

Shuga 15. Atsuka bala. Akuti m'mbali likuuma koma pakati sipakuwasangalatsa.

Masana kunyong'onyeka kunandigonjetsa. A Kaputeni anapempha bambo woyeretsa kuti akankhire bedi langa kufupi ndi lawo, katebulo n'kukhala pakati. Nesi wamkulu anaona koma anangopukusa mutu.

"Ndodoyi igwireni ndi dzanja lamanja. Ichi cha kumanzere ndi cha moto, mukakankha ndege ikuthamanga. Pali zopondera ndi mapazi koma zinatsala kunyumba, poti tonse awiri pano tili ndi mwendo umodziumodzi wogwira ntchito."

"Nanga kiyi ali pati?"

Anaseka mpaka zitsulo za kumwendo kwawo zinagwedera, kenako n'kubuula ndi ululu.

Kuliza ndege imeneyi kwa mlendo ndi ntchito ya masana onse. Batire, pampu ya mafuta, kainjini kakang'ono kolizira zinzake, injini yakumanja, udikire muvi ukwere, injini yakumanzere, utseke chivindikiro cha galasi pamutu pako. Ndikalumpha chimodzi, a Kaputeni amangondisiya ndizivutika mpaka ndizindikire ndekha. Kunena zoona zandikomera. Zili ngati m'mawa wa ulendo: oyilo, madzi, mpweya wa mabuleki, kugogoda matayala.

Italira, ndinamasula buleki n'kupendeketsa ndodo ngati chiwongolero. Ndege sinakhote, inangolunjika mu udzu n'kukagunda galimoto ya mafuta.

"Mwayamba bwino," anatero a Kaputeni. "Ine tsiku loyamba sindinafike pa udzu."

Loweruka, 8 Malichi

Shuga 13. Ndanyamuka! Msewu wa ndege unangothawa pansi panga, nyumba n'kusanduka timabokosi ta machesi. Koma nditaona mphuno ya ndege yaloza kumwamba ndinachita mantha, dzanja lamanzere n'kubweza moto lokha. Ndege inayamba kunjenjemera, n'kugwa chammbali ngati nkhuku yodwala. M'mahedifoni muli mayi wina amene amakuwa kuti kweza, kweza, osapuma ngati apongozi. Ndinafa.

Ndafa kambiri lero, imfa yake imodzimodziyo.

"Vuto lanu ndi lapamsewu," anatero a Kaputeni. "Mukaopa mumafuna buleki. Kumwamba kulibe kuima pambali, achimwene. Mukachepetsa liwiro mwagwa."

Ndinaona kuti nthawi yonseyi mwendo wanga wamanzere umakankha bulangeti kufuna kilatchi. Bandeji yanyowa. Nesi wakalipa.

Lamulungu, 9 Malichi

Alendo ambiri m'wodi, phokoso, fungo la zakudya za eni ake. Mayi a kunyumba anandimeta ndevu. Akuti abwana anaimba foni, thiraki yanga ayamba aipereka kwa munthu wina wongogwirizira. Wongogwirizira. Mawu amenewo ndinawabwereza kuti ndimve bwino. Mpando umene uja ndinausokerera ndekha kansalu kumsana.

Sindinauluke lero.

Lolemba, 10 Malichi

Anditengera ku chipinda choyezera mmene magazi akuyendera m'mwendo. Amapaka mafuta ozizira n'kumayendetsa kachipangizo pakhungu. Pabondo pamamveka phokoso la magazi ngati pampu. Pamsongolo pang'ono. Pa akakolo zii. Ekisire yaonetsa kuti matenda alowa m'fupa la phazi.

Adokotala odula, mayi wamfupi wosazungulira polankhula, anakhala pampando pafupi ndi bedi. Dokotala akakhala pansi dziwa kuti nkhani si yabwino.

"Bambo, phazili silingapole. Magazi sakufikako, ndiye mankhwala sakufikakonso. Ndikufuna tidule m'munsi mwa bondo. Bondo likatsala, mwendo woikirira mudzayenda nawo bwino. Ambiri amabwerera ku ntchito, ena amayendetsa galimoto za otomatiki, zopanda kilatchi."

"Adokotala, uwu ndi mwendo wa kilatchi."

"Ndamva. Koma ukuwola."

Ndinawauza kuti ndiganize kaye. Atachoka, aliyense m'wodi ananamizira kugona. A Kaputeni sanandiitane ku ndege, ndipo ndinawathokoza mumtima.

Lachiwiri, 11 Malichi

Shuga 14. Nesi wajambula mzere ndi cholembera pamsongolo, pamene kufiira kwalekezera. Akuti kukadutsa mzerewo ndiye kuti matenda akukwera. Tsopano ndili ndi ntchito yoyang'ana mzere.

Mayi a kunyumba analira, koma molusa.

"Abambo, ine ndinakwatiwa ndi inu, osati ndi phazi. Sainani."

"Ndidzadya chiyani? Ukufuna ndizikhala pakhonde kuwerenga magalimoto a anzanga?"

"Bola pakhonde kusiyana ndi kumanda."

Ndinatembenukira kukhoma. Anasiya mazira owiritsa pa lokala n'kumapita osatsanzika. Ndikuchita mantha, koma sindinawauze.

Lachitatu, 12 Malichi

Kufiira kuli pamzere, sikunadutse. Asintha mankhwala, awa ndi a diripi yaikulu, amawotcha mtsempha.

Tayamba kuphunzira kutera. Kunyamuka aliyense angathe, akutero a Kaputeni, ngakhale iwo ananyamuka pa makwerero. Potera umatsitsa matayala, umatsitsa tizipsepse ta kumapiko, umasunga liwiro pa nambala yake, msewu uzioneka pamalo amodzi pagalasi. Ukathamanga kwambiri umadutsa msewu wonse, ukachedwa umagwa usanafike. Koyamba ndinaiwala matayala, ndege inatsetsereka ndi mimba moto uli lawilawi. Kachiwiri ndinagwa pa mitengo. Kenako ndinasiya kuwerenga.

Chodabwitsa n'choti ndikavala mahedifoni aja phazi silipweteka. Ndikangovula, limandilonjera.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndatera. Ndege inadumpha ngati mbuzi, tayala limodzi linaphulika, koma inaima pamsewu ine ndili moyo. Bambo wa chophukacho wa pa bedi la kutsogolo anaomba m'manja. Shuga 12. Ndagona masana onse, kutera kumodzi kwandithetsa mphamvu ngati ulendo wa masiku awiri.

Lachisanu, 14 Malichi

Adokotala anafunsanso. Ndinati ndikuganizabe. Anayang'ana mzere, anayang'ana ine, n'kupita pa bedi lina.

Lero a Kaputeni anati ndakula, ndilawe nkhondo. Anandiikira mdani mmodzi yekha, wofooka. Ine kumuona sindinamuone. Ndinangomva kulira kwa belu m'makutu, mayi wa m'mahedifoni uja akukuwa, kenako phuu! Injini yakumanzere moto, magetsi ofiira paliponse, ndege ikupendekera mbali imodzi.

"Tulukani!" anakuwa a Kaputeni. "Chogwirira chachikasu chili pakati pa miyendo yanucho, kokani! Mpando ukuponyani kunja, mutsika ndi palachuti."

"Ndisiye ndege?"

"Yatha imeneyo!"

Sindinakoke. Ndinalimbana nayo mpaka inakagwa m'phiri ine ndili momwemo. Tinayambiranso, anandiomberanso, sindinakokenso. A Kaputeni anavula magalasi.

"Kodi chogwiriracho simukuchiona?"

Ndikuchiona. Ndinawafotokozera kuti ku ntchito kwathu dalaivala sasiya galimoto. Kaya mabuleki atha, kaya tayala laphulika pamtsetse, umafa nacho chiwongolero m'manja kapena umaifikitsa. Ine mabuleki anandithera pamtsetse wautali nditanyamula simenti. Ndinatsitsa magiya limodzilimodzi, gudumu likukhula m'mbali mwa phiri, mpaka inaima. Abwana anandigwira chanza pamaso pa anthu onse. Pali mnzathu wina amene anadumpha thiraki yake ikupita kuphompho. Ali moyo, ana ake akula, koma mpaka lero pa depoti palibe amene amamutchula dzina. Timangoti Chule.

"Ndiye Chuleyo ali moyo?" anafunsa a Kaputeni.

"Ali moyo."

"Chabwino."

Anavalanso magalasi n'kundiikira mdani wina.

Loweruka, 15 Malichi

Kufiira pamzere pomwepo. Shuga 11. Mayi a kunyumba abwera, sitinakambe za phazi. Tinakamba za denga la kukhitchini limene likudontha. A Kaputeni anati wokonzayo asakhale iwo.

Ndaomberedwa masana onse. Tsopano mdaniyo ndimamuona, kadontho kakuda kamene kamakula msanga, koma kumuona sikumuthawa. Zimene ndikuphunzira ndi zina: injini ikayaka umaitsekera mafuta, umadina chozimitsira moto, umataya mizinga kuti ndege ipepuke, umapotoza ndodo kulimbana ndi mbali imene ikukokera. A Kaputeni akuti m'malo mophunzira nkhondo ndikuphunzira kukoka mtembo.

Lamulungu, 16 Malichi

Ndatopa. Kanula watupitsa dzanja, amusamutsira ku linalo. Bambo wa chophukacho atuluka. Pa bedi lawo agonekapo munthu wopsa ndi mafuta ophikira, salankhula.

Lolemba, 17 Malichi

Nesi akuti mafinya achepa. Ndinamufunsa kawiri kuti abwereze. Kufiira kwabwerera m'munsi mwa mzere pang'ono, mwina ngati chala chimodzi. Shuga 9, koyamba chibwerereni. Ndadya chakudya chonse cha masana.

Lachiwiri, 18 Malichi

Lero ndilemba zambiri chifukwa ndili ndi chimwemwe ndi ukali pamodzi.

Anandiombera ngati masiku onse. Injini imodzi inafa, phiko lakumanja linabooka, theka la mawotchi a kutsogolo linazima. A Kaputeni sanavutikenso n'kunena kuti tulukani. Ndinazimitsa moto, ndinataya mizinga, ndinatembenuka pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. Bwalo linali kutali, mafuta akudontha. Matayala anakana kutsika, ndinawatsitsa ndi chogwirira cha pangozi. Thukuta linanyowetsa pilo. Mayi wa m'mahedifoni anakuwa mpaka ndinamuyankha kuti mayi, khalani chete ndikuyendetsa ndine. Ndinagunda msewu mwamphamvu, ndege inapita uku ndi uku, n'kuima kumapeto kwenikweni, mphuno ili mu udzu.

Ndinaifikitsa. Ndinakuwa mpaka nesi wamkulu anabwera akuthamanga.

"Mwaona, a Kaputeni? Mumati yatha!"

"Ndaona," anatero. "Ineyo sindinateretsepo yotero."

Nthawi yomweyo adokotala analowa ndi pepala losaina. Anamasula bandeji, anadina pamsongolo ndi chala, dzenje la chalacho linatsala.

"Kunja kukuoneka bwino chifukwa cha mankhwala atsopanowa. M'kati fupa ndi lomwe lija. Ku fiyeta kuli malo Lachinayi. Bambo, lero ndikhoza kukusiyirani bondo. Sabata yamawa sindikulonjeza."

Ndinawauza kuti mafinya achepa, kufiira kwabwerera, shuga watsika. Ndinati tiupatse mwendowu sabata imodzi. Ndinalankhula ngati munthu wodziwa zinthu. Anandiuza kuti mwendo ndi wanga, sangandikakamize, n'kulemba mu fayilo kuti wodwala wakana.

Atatuluka, a Kaputeni anatseka laputopu.

"Achimwene, ndege ija mwaigwetsa kangati musanaifikitse?"

"Kambiri."

"Ikagwa ndimadina batani, ina imabwera yatsopano. Inu muli ndi batani limenelo?"

Ndinawauza kuti iwo ndi munthu wa masitampa, za galimoto sangazimve. Ndinaitana woyeretsa kuti abweze bedi langa pamalo pake.

Lachitatu, 19 Malichi

Ine ndi a Kaputeni sitikulankhulana. Iwo akuuluka okha, ine ndikuyang'ana mzere. Mayi a kunyumba atamva kuti ndakana sanakalipe. Anangokhala pansi n'kumapinda ndi kupindanso thaulo limodzi lomwelo. Bola akanakalipa.

Lachinayi, 20 Malichi

Malo anga a ku fiyeta apita kwa munthu wina. Kufiira kwabwerera pamzere. Shuga 16, sindikudziwa chifukwa chake, sindinadye chilichonse choletsedwa. Madzulo ndinamva kuzizira.

Lachisanu, 21 Malichi

Kutentha kwa thupi 39. Mano akugundana. Kufiira kwadutsa mzere, nesi wajambula wina pamwamba, pofika masana kwadutsanso umenewo. Atenga magazi. Bondo latupa, likutentha.

A Kaputeni anandiponyera bulangeti lawo.

Loweruka, 22 Malichi

Ndasanza. Ndawauza aitane adokotala, ndisaina.

Lachinayi, 27 Malichi

Andibweza ku wodi dzulo kuchokera ku chipinda cha odwala kwambiri. Za masiku apakatiwa ndikukumbukira zochepa: magetsi, mapaipi, nkhope ya mayi a kunyumba. Akuti matenda analowa m'magazi, impso zinatsala pang'ono kuima. Pepala lija anasaina ndi mayi a kunyumba, ine cholembera chimagwa.

Adula pamwamba pa bondo.

Lachisanu, 28 Malichi

Thupi 37. Shuga 10. Andipatsa magazi botolo limodzi. Chitsa cha mwendo achikulunga ngati mtolo, kapaipi kakutulutsa madzi ofiira.

Adokotala anabwera. Sananene kuti ndinakuuzani. Anati anayesetsa kufuna pamene angasiye bondo koma mnofu wake unali utapita kale. Ndinawafunsa za otomatiki. Anati galimoto yaing'ono mwina, pakapita nthawi. Za thiraki anati kukwera kokha m'chipinda cha dalaivala popanda bondo ndi nkhani ina, ndipo sakufuna kundinamiza.

Phazi limene kulibe likuyabwa pakati pa zala.

Loweruka, 29 Malichi

Mayi wophunzitsa kuyenda anandikhazika m'mphepete mwa bedi. Chizungulire. Thupi likupendekera kumanzere, kulibe choligwira. Akuti Lolemba tiyamba ndodo.

A Kaputeni awamasula zitsulo, atuluka sabata yamawa. Anayendetsa njinga yawo ya olumala mpaka pa bedi langa.

"Achimwene, pepani. Mwina ndikanapanda kukuphunzitsani."

"Inu munati tulukani. Wodi yonse inamva."

Kenako anandifunsa ngati ndikufuna kuuluka pang'ono, popanda adani, kungozungulira bwalo. Ndinati mwina mawa. Manja alibe mphamvu, ndipo mtima sukufuna.

Lamulungu, 30 Malichi

Shuga 9. Bala la chitsa ndi loyera, akutero.

Mayi a kunyumba anabwera ndi msuzi. Anandipukuta kumaso, anakonza pilo, anakamba za denga, za mvula, za mwana wa oyandikana nawo nyumba amene wakwatiwa. Ndinadziwa kuti pali mawu amene akuwazungulira. Atanyamula chikwama kuti azipita anaima kumiyendo kwa bedi, pamene bulangeti lagona fulati.

"Abambo, abwana anatuma munthu kunyumba. Apereka pepani wambiri. Akuti wogwirizira uja amulemba ntchito, ndiye akufuna makiyi apadera a thiraki. Ndafunafuna m'nyumba monse sindinawapeze."

Sakanawapeza. Ndinabwera nawo kuno, poti ndimati ndikangotsukidwa bala ndipita ku depoti.

"Tsegula lokala," ndinatero. "Ali m'thumba la jekete, lakumanzere."